Chibwana chomwe chidasanduka digiri

Kholo lililonse la m'tauni muno likuidziwa ndewu ya madzulo. Mwana wakakamira pafoni, kapena wazemba kupita kumsika komwe amalipiritsa magemu, ntchito ya kusukulu ili pomwepo osaigwira, ndipo mawu otuluka pakamwa pa kholo ndi omwe aja: "Tasiya zachibwanazo iwe!" Ndewuyi ndi yakalekale. Agogo athu adakalipiridwapo chifukwa cha nguli, ife tidakwapulidwapo chifukwa cha mpira wachikulunga.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe sitikamba tikamakalipa. Masewera aliwonse ali ndi mwini wake, munthu amene adakhala pansi n'kupeka malamulo ake. Ndipo mukafufuza bwino mupeza kuti angapo mwa masewera a pakompyuta omwe adagwedeza dziko sadapekedwe ndi mabwana a makampani ayi, koma ana a sukulu za ukachenjede, ena pofuna kungosangalala, ena pofuna kukhoza mayeso. Mbiri yawo ndi yomwe tiitsate lero, kuyambira ku America, kudzera ku Scotland ndi ku Joni, mpaka tikafike ku Neno, kuti tione ngati mwana wa kumeneko ali ndi gawo pa nkhani imeneyi.

Zombo ziwiri ndi dzuwa limodzi

Mu 1961, dziko lino likadali Nyasaland ndipo lilibe ngakhale yunivesite imodzi, sukulu ya MIT ku America idalandira kompyuta yotchedwa PDP-1 kuchokera ku kampani ya Digital Equipment Corporation. Chinali chimakina chachikulu ngati makabati angapo ataimikidwa pamodzi, ndipo mtengo wake udali madola 120,000. Eni ake ankachiona ngati chida cha masamu ndi kafukufuku. Anyamata omwe ankachezera usiku m'chipinda chomwe chidaikidwacho adachiona mwina.

Steve Russell ndi anzake awiri, Martin Graetz ndi Wayne Wiitanen, adaganiza zoti pagalasi la makinawo paoneke zombo ziwiri za mumlengalenga zikuthamangitsana ndi kuomberana. Pofika kumayambiriro kwa 1962 masewerawo adali atatheka, ndipo adawatcha Spacewar! Chosangalatsa n'chakuti aliyense wobwera ankawonjezerapo kake. Dan Edwards adaika dzuwa pakati, lokoka zombo zija, kotero kuti wosewera akangogona tulo chombo chake chimagwera pamoto. Peter Samson, poona kuti nyenyezi za kumbuyo zidangomwazidwa chisawawa, adazikonza kuti zifanane ndi thambo lenileni. Alan Kotok ndi Bob Saunders adakhoma timabokosi togwira m'manja chifukwa zigongono zinkapweteka posewerera pamabatani a kompyutayo.

Palibe adagulitsa masewerawa. Aliyense wofuna ankangokopera n'kupita nawo kusukulu kwake. Koma mbewu idagwa panthaka yachonde. Mu 1971 Nolan Bushnell ndi Ted Dabney adatulutsa makina oponyamo ndalama otchedwa Computer Space, omwe maganizo ake adachokera ku Spacewar!, ndipo chaka chotsatira adakhazikitsa kampani ya Atari yomwe idatchuka ndi masewera a Pong. Malonda omwe lero amapitirira madola 180 biliyoni pachaka mizu yake ili m'chipinda chija cha anyamata osagona.

Aphunzitsi atatu a pa teaching practice

Nkhani yachiwiri iwakhudza aphunzitsi athu. Kumapeto kwa 1971 ophunzira atatu a ku Carleton College, omwe ndi Don Rawitsch, Bill Heinemann ndi Paul Dillenberger, adali kuyeserera uphunzitsi m'sukulu za mumzinda wa Minneapolis, monga achitira ana athu a ku TTC akatumizidwa kumudzi. Rawitsch adapatsidwa phunziro la mbiri: ulendo wa Azungu omwe ankasamukira kumadzulo kwa America pangolo zokokedwa ndi ng'ombe m'zaka za m'ma 1840. Poopa kuti ana agona m'kalasi, adayamba kujambula mapu papepala kuti apange masewera a pabolodi. Anzake awiri aja, omwe ankaphunzitsa masamu, adamuuza kuti zimenezi zingalowe m'kompyuta.

M'masabata awiri okha The Oregon Trail idabadwa. Padalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Ana ankakhala pa makina onga taipi olumikizidwa ndi waya wa telefoni ku kompyuta yomwe idali kwina, ndipo mafunso ankatuluka papepala. Ugula chakudya chochuluka bwanji? Zipolopolo zingati? Uima kuti usake nyama kapena upitirira? Ukalakwitsa kuwerengera, banja lako limafa ndi njala kapena matenda panjira. Ana ankafola mzere kudikira mpata, ena kubwera m'mamawa sukulu isanayambe.

Teremu itatha Rawitsch adasindikiza pulogalamu yonseyo papepala n'kuifufuta m'kompyuta. Mpukutu wa pepalawo udakhala m'nyumba mpaka 1974, pamene adalembedwa ntchito ku bungwe la MECC n'kuitaipanso mzere ndi mzere. M'zaka zotsatira masewerawa adagulidwa makope oposa 65 miliyoni. Atatu aja sadalemere nawo, koma adasonyeza chinthu chomwe mphunzitsi aliyense wa ku Ligowe kapena ku Matope angachivomereze: mwana amagwira msanga phunziro akapatsidwa mpata wosankha yekha n'kuona zotsatira za kusankha kwakeko.

Masewera alowa m'kalasi

Kwa zaka pafupifupi 30 kupanga magemu kudali ntchito ya usiku, yobisira aphunzitsi. Zidasintha m'zaka za m'ma 1990, nthawi yomweyo yomwe ife kuno tidali kalikiliki ndi referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. M'chaka cha 1994 sukulu ya DigiPen, yomwe Claude Comair adaiyambitsa ku Vancouver m'dziko la Canada mu 1988, idalandira ophunzira oyamba a maphunziro opanga masewera a pakompyuta mothandizidwa ndi kampani ya Nintendo. Mu 1998 idatsegula ku Redmond m'dziko la America n'kuyamba kupereka digiri. Ku Scotland, dziko lomwe lidatipatsa dzina la Blantyre, yunivesite ya Abertay mumzinda wa Dundee idayamba digiri yake ya masewera mu 1997. Ambiri adaseka. Digiri ya chibwana? Komatu mumzinda womwewo mudali kampani ya DMA Design, yomwe idatulutsa Lemmings mu 1991 ndi Grand Theft Auto mu 1997, ndipo inkasowa antchito odziwa ntchito.

Kodi m'kalasi yotere amaphunziramo chiyani? Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka, chifukwa timaganiza kuti ophunzira amangokhala n'kumasewera. Zoona zake n'zakuti ntchito yoyamba nthawi zambiri sichitikira pakompyuta n'komwe. Ophunzira amapatsidwa mapepala, makadi, timiyala kapena mabatani a malaya, n'kuuzidwa kuti apeke masewera. Akatero amaitana anthu osawadziwa kuti asewere, iwo ali phee pambali, osaloledwa kufotokoza kapena kudziteteza. Wosewera akasokonezeka, wolakwa ndi wopeka malamulo. Akatopa pakati, wolakwa ndi yemweyo. Amabwerera, kusintha lamulo limodzi, n'kuyesanso. Zikayenda papepala m'pamene amayamba kulemba pulogalamu, ndipo apa pamafunika masamu enieni: mpira ukagunda khoma ubwerera motani, munthu akadumpha agwa pati. Chaka chomaliza amagwira m'magulu, wina wolemba pulogalamu, wina wojambula, wina wa nyimbo, wina woyang'anira nthawi, ndipo mikangano ya m'gulumo ndi gawo la maphunziro.

Zipatso zake zidaoneka mu 2005. Gulu la ophunzira a chaka chomaliza ku DigiPen, mmodzi mwa iwo mtsikana wotchedwa Kim Swift, lidapanga masewera otchedwa Narbacular Drop. Zithunzi zake zidali zosakongola kwenikweni, koma mudali lamulo limodzi lachilendo: wosewera atha kutsegula makomo awiri pamakoma awiri osiyana, ndipo akalowa khomo ili amatulukira khomo linalo, ngakhale litakhala kudenga. Mtsikana wa m'masewerawo sankatha kudumpha, ndipo eni ake adangomutcha mwana wa mfumu wopanda mawondo. Chilema chimenechi ndi chomwe chinkakakamiza wosewera kuganiza. Anthu a kampani ya Valve adawaona pa chionetsero cha pasukulupo, n'kuitana gululo kuti likaonetse kwa mkulu wawo Gabe Newell, yemwe adawalemba ntchito onse nthawi imodzi. Mu 2007 mudatuluka Portal, omwe mpaka lero amawerengedwa pakati pa masewera opekedwa mwaluso koposa.

Chaka chomwecho cha 2005, ku yunivesite ya Carnegie Mellon, ophunzira anayi adadziikira lamulo loti munthu mmodzi apange gemu imodzi m'masiku osapitirira 7, ndipo pa teremu imodzi adapanga magemu pafupifupi 50. Ambiri adali zinyalala, eni akewo sadabise. Koma imodzi, ya Kyle Gabler, yomanga nsanja ndi timipira tomata ngati ulimbo, idakula n'kukhala World of Goo mu 2008. Ku yunivesite ya Southern California, Jenova Chen ndi Kellee Santiago adayamba ndi masewera a mwana wouluka m'mitambo, opanda mfuti kapena mdani, ndipo kampani yawo idadzatulutsa Journey mu 2012. Pasukulu yomweyo Alex Beachum adalemba Outer Wilds ngati ntchito ya digiri yake yachiwiri, ndipo atawamaliza bwino mu 2019 adapata mphotho ya BAFTA ya masewera opambana onse mu 2020.

Mukaika nkhani zonsezi pamodzi muona kuti ophunzirawa sadapose makampani pa ndalama kapena pa makina. Adawaposa chifukwa adali ndi ufulu wolephera. Kampani yomwe yaika madola mamiliyoni pa gemu imodzi imaopa kuyesa chachilendo, pamene wophunzira akalephera amangotaya malikisi ndi tulo.

Ku Witwatersrand, komwe agogo ankakumba golide

Wina anena kuti zonsezi n'za Azungu. Tiyeni tsono tibwere kufupi. Dzina loti Witwatersrand si lachilendo m'midzi yathu, ngakhale sitilitchula lonse. Ndi lomwe lili kumayambiriro kwa dzina la bungwe lija tinkaliti Wenela, lomwe lidanyamula amuna a dziko lino zikwizikwi kupita nawo kumigodi ya ku Joni, mpaka Dr Banda adaimitsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Mumzinda womwewo wa Johannesburg muli yunivesite ya Witwatersrand, yomwe mu 2012 idayamba kuphunzitsa digiri yopeka masewera, mogwirizana pakati pa nthambi ya zaluso ndi ya uinjiniya.

Pakati pa ophunzira oyambirira padali Ben Myres wa ku South Africa ndi Cukia Kimani wochokera ku Kenya. Ntchito ya chaka chomaliza mu 2015 idawapatsa ganizo lomwe adapita nalo patsogolo. M'masewera ambiri odumphadumpha nthaka imakhala youma ndipo wosewera amangoitsata. Iwo adafunsa kuti: bwanji nthakayo ikhale yofewa ngati dongo, yoti ukaigunda ndi mutu imalowa m'kati, ukaiponda imatsika, ndipo njira uziumba wekha? Adakhazikitsa kakampani kotchedwa Nyamakop, ndipo patatha zaka zitatu za kuvutika ndi kusowa ndalama, mu 2018 adatulutsa Semblance pa makompyuta ndi pa Nintendo Switch. Manyuzipepala adawalengeza ngati masewera oyamba opekedwa mu Africa kutuluka pa makina a Nintendo. Mu 2025 kampani yomweyi idalengeza masewera ena, Relooted, momwe osewera amakalanda zinthu za makolo a mu Africa zomwe zidatsekeredwa m'nyumba zosungiramo zakale za kumaiko a Azungu.

Iwowa sadali oyamba mu Africa kuyesa. Ku Kenya, Wesley Kirinya adatulutsa Adventures of Nyangi mu 2007, ndipo mu 2009 adagwirizana ndi Eyram Tawia wa ku Ghana kuyambitsa kampani yomwe idadzatchedwa Leti Arts. Ku Cameroon gulu la Kiro'o Games lidatulutsa Aurion mu 2016 litalimbana ndi kuthimathima kwa magetsi komwe ifenso tikukudziwa. Koma nkhani ya Semblance ili ndi phunziro lapadera kwa ife. Ganizo lomwe lidafika mpaka ku Nintendo ndi lomwe mwana aliyense woweta mbuzi m'mbali mwa mtsinje wa Lisungwi amalidziwa ndi zala zake akamaumba ng'ombe zadongo.

Nkhomo zathu m'foni ya ku Finland

Ife Amalawi ambiri masewera a pakompyuta tidakumana nawo mochedwa. Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mu 1999, ndipo magemu adatipeza kudzera m'mafoni a m'manja. Ndani sakumbuka kanjoka kaja kodya timadontho, komwe injiniya wa ku Finland Taneli Armanto adakaika m'foni ya Nokia mu 1997? Koma omwe adagwirapo Nokia 3310, yomwe idatuluka mu 2000, akumbukiranso masewera ena omwe adali m'menemo otchedwa Bantumi: timiphika tokhala m'mizere iwiri, ndi nyemba zomwe umatola n'kumagawa kamodzikamodzi. Akuluakulu ankangoyang'ana kamodzi n'kuseka: "Si bawo uyu? Koma wa ana."

Sadaname. Bantumi ndi mphukira ya banja lalikulu la masewera ofesa mbewu m'maenje, omwe amaseweredwa kuyambira ku West Africa mpaka ku Asia. Mtundu womwe udalowa m'fonimo ndi wopepuka, wa maenje 6 mbali iliyonse, womwe William Champion adauika pamalonda ku America ndi dzina loti Kalah. Masewera athu a bawo, omwe ndi apachibale ndi a ku Zanzibar ndi kugombe la Aswahili, ali ndi mizere 4 ya maenje 8, nkhomo 64, nyumba yokhala ndi malamulo akeake, kutakata, ndi kudya komwe kumatembenuza bolodi yonse pa dzanja limodzi.

Ndiye tamvani zomwe akunja adachita nazo nkhomo zathuzi. Mu 1995 Alex de Voogt wa ku Netherlands adatenga digiri ya udokotala ku Leiden atafufuza momwe akatswiri a masewerawa ku Zanzibar amawerengera m'mutu. Mu 2002 John Romein ndi Henri Bal a ku Amsterdam adagwiritsa ntchito makompyuta ambiri pamodzi kuwerenga makhalidwe onse a masewera a Awari, oposa 889 biliyoni, n'kupeza kuti onse awiri akasewera mosalakwitsa palibe wopambana. Ku Maastricht, Jeroen Donkers ndi anzake adaphunzitsa kompyuta kusewera bao wa ku Zanzibar, ndipo mu 2006 iye, de Voogt ndi wophunzira wina, Tom Kronenburg, adasonyeza kuti pali makhalidwe ena a nkhomo omwe ukayamba kutakata dzanja silidzaima mpaka kalekale. Anthu adatengera madigiri pa chinthu chomwe ife timachisiya pansi pa mtengo wa mango pa sitolo, n'kumati n'cha malova.

Tsono ku Neno

Boma la Neno lidadulidwa kuchoka ku Mwanza mu 2003, ndipo kalembera wa 2018 adapezako anthu oposa 138,000. Ndi dziko la mafumu Dambe, Chekucheku, Mlauli ndi Symon, la mbatata ya kachewere ndi tirigu kumapiri, manachesi, ndi matumba a makala omwe apaulendo amawaona pa Zalewa. Kwa zaka zambiri dzina la Neno linkamveka pawailesi chifukwa cha msewu wafumbi wopita kuboma, womwe nthawi ya dzinja unkasanduka phala.

Komatu m'malire a boma lomweli ndi Blantyre, pa mtsinje wa Shire, ndi pomwe pali Nkula, pomwe makina oyamba adayamba kupukusa magetsi mu 1966, ndi Tedzani yomwe idatsatira mu 1973. Kompyuta iliyonse yomwe idayakapo ku Chancellor College kapena ku Polytechnic idamwako madzi amenewa. Mawaya amadutsa pamwamba pa midzi kupita kumatauni, pomwe kalembera yemwe uja wa 2018 adapeza kuti m'dziko lonse mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chidali chotsika koposa. Wokhala pafupi ndi chitsime ndiye wagona ndi ludzu.

Makompyuta adafikako ndithu. Bungwe la Partners In Health, lomwe kumeneko limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lidayamba kugwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo ku Neno mu 2007, ndipo mbiri za odwala zidayamba kusungidwa m'makompyuta. Kumbali ya sukulu, bungwe la ku Britain la onebillion lidapanga timasewera ta masamu ndi kuwerenga m'Chichewa; ta masamuto tidayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, ndipo mu 2019 bungwelo lidagawana mphotho ya Global Learning XPRIZE ndi gulu lina. Mu 2023 boma lidayamba ndondomeko ya BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa m'sukulu zonse za pulayimale za boma, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Izi n'zabwino ndipo tisazinyoze. Koma tionetsetse mbali yomwe mwana wathu wakhala: iye ndi wogwira, wodina, woyankha. Wopeka malamulo ali kutsidya la nyanja.

Ndipo si onse opeka malamulo omwe amatifunira zabwino. Masewera a pafoni omwe afala kwambiri pakati pa achinyamata ndi akulu omwe m'zaka zaposachedwa ndi aja a juga, monga kandege kaja kamakwera ndi ndalama zako n'kuthawa usanatsike. Kumeneko nakonso kuli munthu wodziwa masamu amene adakhala pansi n'kukonza malamulo, ndipo adawakonza kuti pamapeto pa tsiku mwini wake ndiye atsale ndi phindu. Mnyamata amene adayesapo kupeka masewera ake, n'kuona momwe lamulo limodzi limasinthira wopambana, savuta kuzindikira msampha woterewu. Amene sadayesepo amangoti ndi tsoka, mawa ndidzawina.

Chonsecho luso lopeka lilipo kale. Pitani pa bwalo la sukulu iliyonse kuyambira ku Matandani mpaka ku Lisungwi nthawi yopuma. Atsikana a phada akukangana ngati mwendo wagunda mzere. A fulaye akusintha malamulo chifukwa lero achepa. Anyamata akupinda mawaya kuti galimoto ikhote bwino, ndipo ikakana amamasula n'kuyambiranso. Kuyesa, kulephera, kusintha lamulo limodzi, kuyesanso: ndi zomwe zija amalipirira madola zikwi zambiri ku Redmond. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adationetsa kale mu 2002, ndi makina ake amphepo a zitsulo zotola, kuti mwana wa kumudzi akapeza buku limodzi loyenera amafika patali.

Nkhani zoti n'kusandutsa masewera nazonso sizikusowa. Aphunzitsi atatu aja adatenga ulendo wa ngolo wa makolo awo. Ife tili ndi ulendo wathu, womwe umadutsa pa Zalewa pomwepo tsiku ndi tsiku: Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, mpaka Johannesburg. Uli ndi ndalama zakuti, pasipoti ya masiku owerengeka, katundu wa eni ake, ndi nambala ya foni ya msuweni yemwe mwina sayankha. Udya pati? Ukhulupirira ndani? Kapena taganizani za mlimi wa kwa Dambe amene wakumba mbatata mvula ili pafupi: agulitse kwa mavenda pamtengo wolira, kapena abwereke lole n'kuika moyo pa msewu woterera? Amenewa ndi masewera athunthu, okhala ndi kusankha, chiopsezo ndi masamu, ndipo palibe wophunzira wa ku Dundee angawapeke, chifukwa sakuwadziwa.

Tisanamizane

Tisakokomeze ngati kuti aliyense wophunzira zimenezi adzalemera. Pa gemu imodzi ya ophunzira yomwe idatchuka pali zikwi zomwe zidathera m'makompyuta a aphunzitsi. M'zaka za 2023 ndi 2024 makampani a masewera padziko lapansi adachotsa ntchito anthu oposa 10,000 chaka chilichonse. Sukulu zina, monga DigiPen, zimatenga umwini wa masewera omwe ophunzira apanga. Ndipo kholo la ku Neno lomwe lagulitsa mbuzi kuti mwana apite ku koleji lili ndi chifukwa chomveka chofunira kuti aphunzire unamwino kapena uphunzitsi.

Koma mtengo wolowera pakhomo udatsika kwambiri. Anyamata a Spacewar! adafunika makina a madola 120,000. Lero pulogalamu ya Scratch, yomwe idatuluka ku MIT komweko mu 2007, ndi yaulere ndipo ana a pulayimale amaitha. Godot, chida chopangira magemu chomwe anyamata awiri a ku Argentina adachipereka kwaulere kwa onse mu 2014, chimayenda pa laputopu yakale. Kakompyuta ka Raspberry Pi kadatuluka mu 2012 pamtengo wa madola 35. Kuyambira 2009 kuli mwambo wa Global Game Jam, pomwe magulu m'maiko ambiri amapatsidwa mutu umodzi ndi maola 48 kuti apange gemu. Kuno kwathu maphunziro a kompyuta alipo ku Zomba, ku MUBAS yomwe idali Polytechnic mpaka 2021, ku Mzuzu, ndi ku MUST ku Thyolo yomwe idatsegulidwa mu 2014. Rachel Sibande adatsegula mHub ku Lilongwe mu 2013, ndipo mu 2020 sukulu yophunzitsa kupanga ndi kuulutsa timandege topanda woyendetsa idatsegulidwa mumzinda womwewo. Ngati tidavomera kuti ophunzira athu apange timandege, n'chiyani chingatiletse kuvomera kuti apange masewera?

Sipafunika nyumba yatsopano kapena nduna yodula riboni. Pafunika mphunzitsi wa ku yunivesite amene wophunzira wa chaka chomaliza akabwera n'kunena kuti, "Bambo, ine ndikufuna kuphunzitsa kompyuta kusewera bawo mwa malamulo a kwathu," sangamubweze kuti akapange pulogalamu ina yowerengera malipiro. Wophunzira ameneyo adzayenera kukakhala pansi ndi madala a pa sitolo, kuwafunsa lamulo lililonse la nyumba ndi la kutakata mpaka atalimvetsa moti n'kulilemba m'chinenero chomwe makina angamve, pakuti kompyuta siimva zoti "zimangodziwika". Akadzatero adzakhala ataphunzira masamu, kulemba mapulogalamu ndi kumvetsera anthu, ndipo malamulo a bawo wa ku Malawi adzakhala atalembedwa ndi Mmalawi.

Pafunikanso mphunzitsi wa sekondale ku Neno amene Lachisanu masana angauze ana kuti abwere ndi makatoni, zitsekerero za mabotolo ndi nthanga za bwemba, gulu lililonse lipeke masewera a ulendo wa ku Joni kapena a msika wa mbatata, kenako magulu asinthane n'kuona a yani akoma. Zimenezi sizidikira ESCOM. Rawitsch uja adayambira papepala, ndipo ana a ku Minneapolis adafola mzere.